Alamu Anga a Halsall, Khansala wa Chinyontho

Malemu bambo Wilfred Halsall anabadwa pa 3 Malichi 1898 m'nyumba nambala 14, msewu wa Tabor, pamtunda pano pa Liverpool, ndipo ndi m'nyumba yomweyo mmene akhala moyo wawo wonse. Abusa, akuluakulu a Chipani cha Baibulo ndi Korona, chisoti cha Mfumu chija, amene mwadzaza benchi yakutsogoloyi, abale ndi anansi, ndikupatsani ulemu nonse. Ine ndine Clifford Maddock, mlamu wa malemu, mlongo wawo wa mayi Lavinia Halsall amene akhala apo atafunda shawelo yakuda. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi. A Swarbrick, mlembi wa chipani, anandipatsa dzulo pepala lawo lolemberatu, masamba anayi, kuti ndingowerenga ngati mwana wa sukulu. Ndaliwerenga m'basi pobwera. Mawu ake ndi okoma, koma munthu amene akutamandidwamo sindinakumanepo naye, ndiye ndalisiya pampando wa basiyo.

Ndinene msanga chimene chili m'thumba langa, kuti ena musamangoyang'ana jekete. Ndi kalata ya ku ofesi ya khonsolo yoona za nyumba. Ikupereka kwa banja la Halsall nyumba yapansi ku Kirkby, kunja kwa mzinda, ya zipinda ziwiri, youma, ya bafa ndi chimbudzi cham'kati. Iyenera kubwerera itasainidwa lero Lachisanu isanakwane 4 koloko, apo ayi nyumbayo apatsa ena, achemwali abwerere kumchira kwa mndandanda, akadikire zaka zina ziwiri. Adokotala anawauza mu Seputembala kuti chifuwa chawo sichingapirire nyengo ina yozizira ku Tabor. A chipani nawo akufuna kuti akhale pomwepo, pa zifukwa zimene ndifikapo. Achemwali sanasaine, sanakanenso. Anandiuza kuti, "Clifford, uwerenge kaye zonse kuyambira pachiyambi, usadumphe kanthu. Ndikamva ndiyankha." Choncho mundipirire, ndiwerenga zonse.

Malemu anayamba sukulu mu 1903 pa sukulu ya mishoni ya mumsewu mwathu momwemu, nalekeza mu 1911 ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Kuwerenga ankatha, masamu ankawathanso. Koma phunziro limene analigwira bwino koposa silinali la m'kalasi. Linali lodziwa pamene misewu yathu ikuthera ndi pamene misewu ya Akatolika ikuyambira, kumunsi kuja kwa msewu wamasitolo, ndiponso kukula kwa mwala umene ungafike tsidya linalo. Tonse tinaphunzira zimenezo, ine ndemwe, ndipo ambiri tinazisiya titayamba kumera ndevu. Malemu sanazisiye.

Mu 1911 analowa ntchito m'khola la akavalo a kampani ina yonyamula katundu kudoko, ndipo mu 1919 anapatsidwa ngolo yawoyawo. Pakati apo, mu 1916, anaitanidwa ku nkhondo. Pepala la a Swarbrick limati anamenyera Mfumu ndi chikhulupiriro. Zoona zake n'zakuti anakhala zaka ziwiri pa depoti ina ku Wales akuwerenga mabulangete, ndipo palibe bulangete la Mfumu limene linasowa m'manja mwawo. Pa akavalo pokha ndiwachitire umboni wabwino. Kavalo wawo ankagona pa udzu wouma, akadwala ankamufunditsa jekete lawo, ndipo khola likayamba kudontha ankakwera okha padenga kukatseka tsiku lomwelo.

Loweruka pa 14 Juni 1924 malemu anamanga ukwati ndi achemwali anga, omwe panthawiyo ankagwira ntchito ku fakitale ya fodya. Bambo athu anawakonda chifukwa sankamwa mowa, poti iwo ankaganiza kuti mwamuna wosamwa ndiye kuti wakhoza mayeso onse. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Gordon mu 1926, Ivy mu 1932, ndi Doreen mu 1935. Onse anabadwira pa nambala 14. Ambiri muno mukuidziwa nyumbayo, koma alendo amene mwachokera kutali mumve. Chipinda chapansi chimakhala ndi madzi ofika m'kakolo kuyambira Novembala mpaka Epulo. Khoma la kuchipinda chogona ukaliyedzamira umachoka msana utanyowa. Mpope unali umodzi pabwalo, chimbudzi chimodzi cha mabanja asanu ndi atatu, ndipo nsapato ukaisiya pansi pa bedi mlungu umodzi umaipeza itamera nkhungu.

Mu 1927 malemu analowa Chipani cha Baibulo ndi Korona. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo malemu nyimbo ankaidziwa. Loweruka lililonse madzulo ankaimika ngolo pamphambano, n'kukwera pamwamba, mawu awo n'kumveka mpaka kudoko. Chiphunzitso cha chipanichi si chovuta, ngakhale kavalo uja akanatha kuchiloweza. Dziko lino ndi la Apulotesitanti, ena onse ndi alendo, ngakhale agogo a agogo awo anaikidwa m'manda a mumzinda muno. Ndalama ya msonkho isapite ku sukulu ya Akatolika. Sitima zochokera ku Ireland zizibwerera ndi anthu ake omwewo. Chipani cha antchito ndi Papa yemweyo atavala ovololo, ndiye munthu wa ngolo asaime pa sitiraka limodzi ndi Mkatolika wa padoko, ngakhale onse awiri akudya mbatatesi zopanda nyama. Ntchito ikasowa, walakwa ndi Papa. Malasha akakwera mtengo, walakwa ndi Papa. Eni makampani ndi eni nyumba zathu zodontha zija sindinawamvepo akutchulidwa pangolo ija, ndipo mwina n'chifukwa chake ankatumiza mabasi aulere pa tsiku la chisankho.

Ndisadziyeretse. Ine ndinali woimba ng'oma yaikulu m'gulu la zitoliro la chipani kwa zaka zisanu ndi zinayi. Pa 12 Julayi, tsiku la perete wa Apulotesitanti, ndinkavala lamba wawo wa mtundu wa lalanje, n'kumenya ng'oma mpaka zikhatho kutuluka magazi, ndipo tikamadutsa pa tchalitchi cha Akatolika ndinkamenya kawiri. Ndinkasangalala nazo, sindinama pamaso pa bokosi.

Pa 1 Novembala 1932 malemu anasankhidwa kukhala khansala wa dera lino, ndipo mpandowo anaukhala mpaka tsiku lomwalira, zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndafufuza zimene anakwanitsa pa zaka zonsezo. Ndapeza kuti mu 1933 anapambana nkhondo yoti katungwe wa ana wa m'paki azimangidwa ndi unyolo Loweruka madzulo, n'kumasulidwa Lolemba m'mawa, kuti Sabata lisadetsedwe. Kiyi ankasunga okha. Ndapezanso kuti chaka chilichonse, kumayambiriro kwa Julayi, ankagawa njereza ndi penti yalalanje khomo ndi khomo. Njereza inali yopaka pamakoma kuti nkhungu isaoneke pa tsiku la perete, penti inali ya miyala ya m'mbali mwa msewu. Pofika Ogasiti nkhungu inkatulukanso, koma alendo a perete anali atapita kale, akutamanda ukhondo wa Apulotesitanti a ku Tabor.

Mu Epulo 1936 madokotala a khonsolo anayendera misewu yathu, nalamula kuti si yoyenera kukhalamo anthu. Banja lililonse linalandira kalata yolipatsa nyumba yatsopano kunja kwa mzinda, ya kadimba kutsogolo. Amayi ena analira ndi chimwemwe. Malemu anakhala patebulo ndi pensulo. Anapeza kuti banja lililonse losamuka ndi mavoti awiri otayika, ndiponso kuti kumalo atsopanowo khonsolo sifunsa kuti munthu amapemphera kuti, imangopereka kiyi. Loweruka lotsatira anakwera pangolo nati, "Abale, akufuna kutibalalitsa ngati nkhuku! Mawa mudzuka mupeza kuseri kwa khoma lanu akuwerenga kolona. Kuli bwino chinyontho cha Chipulotesitanti kusiyana ndi bafa la Papa!" Anthu anawomba m'manja. Mayi Dutton okha, amene ankakhala pa nambala 9, anakuwa chakumbuyo kuti, "A Halsall, nanga nsikidzi zathuzi nazo ndi za mpingo wathu?" Malemu anayankha kuti, "Mayi, nsikidzi imaluma thupi, Roma amaluma mzimu. Pitani mukaphikire amuna anu." Mayi Dutton anasaina kalata yawo, ndipo mawindo awo anaswedwa sabata yomweyo. Ali moyo mpaka lero, zaka makumi asanu ndi atatu ndi ziwiri, ndipo sakhosomola.

Kenaka malemu anayenda khomo ndi khomo kutolera makalata aja, n'kukawaponya pa moto wa chikondwerero cha Julayi. Wonyamula thumba anali ine. Kalata ya pa nambala 14 inali pamwamba penipeni. Achemwali anali ataibisa m'chitini cha tiyi, ndipo malemu atandituma kuti ndikaitenge, ndinapita. Achemwali anati, "Clifford, ndiwe mwana wa amayi anga iwe?" Ndinati, "Achemwali, musavute, ndi za chipani izi." Ndinatsegula chitinicho ndekha.

Pa 19 Febuluwale 1938 Ivy anamwalira ndi chibayo, ali ndi zaka zisanu. Anali atakhosomola nyengo zozizira ziwiri. Bedi lake achemwali ankalikokera pakati pa chipinda kuti lisakhudze khoma, koma chipindacho chinali chaching'ono, pakati pake panalibe. Adokotala amene anabwera anangoyang'ana denga, n'kuyang'ana malemu. Chipani chinatumiza nkhata yaikulu ya maluwa alalanje, yaikulu kuposa bokosi. Malemu anaima pamanda nati, "Yehova anapatsa, Yehova watenga." Ine ndinena poyera lero zimene ndinazisunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Yehova anapatsa nyumba youma mu 1936, ndipo amene anaitenga ndi malemu ndi ine. Mwanayo ndimamulira mpaka lero, ndipo manyazi ake sanandichoke. Ng'oma ndinaibweza ku holo ino sabata yomweyo. Malemu anapambananso chisankho mu Novembala chaka chomwecho, achemwali atawagwira mkono popita kukavota, duwa lalalanje lili pachifuwa, monga momwe ankachitira pa chisankho chilichonse.

Mu Meyi 1941 mabomba anagwa pamtunda pano ndi kumunsi komwe, osafunsa munthu sukulu imene anaphunzira. Theka la msewu wa Tabor linagwa. Mabanja amene nyumba zawo zinaphwanyidwa anasamutsidwa, ndipo ambiri anapeza pogona pabwino koyamba m'moyo wawo. Nambala 14 inatsala chiimire. Malemu anati ndi chizindikiro chochokera kumwamba, nalembetsa zimenezo m'kanyuzipepala ka chipani.

Mu 1953 kalata yachiwiri inabwera. Nthawi imeneyi panalibe woti anyamule thumba, poti anthu anali atachenjera, ankasaina mwakachetechete n'kusamuka m'mamawa ngati othawa nkhondo. Malemu ankaima pakhomo n'kumawatchula Yudasi mmodzimmodzi. Yawo anaing'amba pamaso pa achemwali. Gordon anakwera sitima ya ku Canada chaka chomwecho, ndipo polawira anati, "Ababa, mukadzafuna kundilembera, mulembe za nyengo basi." Ine ndinasamukira ku Kirkby mu 1955. Kuseri kwa khoma langa kuli banja la a Tierney, ndipo n'zoona, amawerenga kolona. Amabwerekanso makwerero anga, n'kubweza. Malemu sanapondepo pakhomo panga zaka khumi ndi chimodzi, ankati kwathu kumanunkha lubani.

Kuyambira 1960 ntchito yaikulu ya malemu inali yolemba madandaulo oletsa kugwetsa misewu imene yatsala, ndipo pa zimenezi anali katswiri. Dandaulo lililonse linkachedwetsa zinthu ndi chaka kapena ziwiri. Mabanja mazana atatu akadali pamtunda pano lero chifukwa cha khama lawo, ndipo mavoti a mabanja amenewo ndiwo anasunga mpando womaliza wa chipanichi m'khonsolo. Kale makhansala a Baibulo ndi Korona anali asanu. Mu 1965 anatsala malemu okha, ndi akuluakulu asanu ndi awiri amene mukuwaona apawa, amene malamba awo ndi atsopano kuposa mano awo.

Kalata yachitatu, iyi ili m'thumbayi, inafika pa 17 Okutobala chaka chino cha 1966. Malemu anaiika pansi pa wotchi, nati adzaiwerenga pa msonkhano kuti anthu aseke. Loweruka pa 22 Okutobala, akutsika masitepe a m'nyumba mwawo kupita ku msonkhanowo, thabwa lachitatu, limene linali litawola kalekale, linathyoka. Anagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anawatengera kuchipatala, kumene anagona milungu itatu. Namwino amene ankawasamala anali mtsikana wa ku Mayo, ku Ireland, mtanda uli pakhosi. Tsiku loyamba malemu anamufunsa kuti, "Iwe, unabwera pa sitima iti?" Iye anati, "Yomweyo imene munkaikuwiza ija, agogo. Tembenukani ndikupukuteni." Anawasambitsa, anawadyetsa, anawatembenuza masiku makumi awiri ndi atatu. Ndinapita kukawaona kamodzi, ndikuganiza kuti mwina bedi lawafewetsa. Anandigwira dzanja, n'kundikokera pafupi, nati, "Clifford, umuuze Lavinia asasaine." Chibayo chinawalowa, ndipo anatisiya Lolemba pa 14 Novembala 1966, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu.

Lachiwiri m'mawa, thupi lisanafike n'komwe kunyumba, a Swarbrick ndi anzawo awiri anagogoda pa nambala 14. Ndinalipo. Zipewa anavula, ndiwayamikire pamenepo. A Swarbrick anati, "Mayi, pepani ndi zovutazi. Mpando uja sungapite kwa a ovololo. Muime ndinu. Simudzavutika kulankhula, ife tidzakulemberani zonse. Inu mungokhala pompano, dzina la Halsall lokha likwanira. Koma mukasamuka inu, mtunda wonse usaina mawa lake." Achemwali anayamba kukhosomola, ndipo akuluakuluwa anadikira mwaulemu kuti amalize, kenaka anabwereza pempho lawo. Mmodzi anakhala pampando wa pafupi ndi khoma, ndipo potuluka ndinamuona akupukuta phewa la jekete lake ndi kampango. Iwo onse atatu amakhala m'nyumba za mabafa kutsidya kwa paki, ndipo pamtunda pano amabwera pa basi.

Achemwali, mbiri ndi imeneyo. Sindinadumphe kanthu, ngakhale chitini cha tiyi. Ine ndilibe ufulu wokuuzani chochita, ndinautaya mu 1936. Munati mukamva muyankha.

Khalani pansi, achemwali, musaimirire. Doreen, agwire amayi ako. Chabwino, imani. Abale, mawu awo safika kumbuyoko, chifuwa sichilola, ndiye iwo azinena, ine ndizibwereza monga momwe anenera.

Akuti, "A Swarbrick, zikomo pondiganizira." Akuti, "Wilfred anali mwamuna wanga zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndinamuchapira, ndinamuphikira, ndinasita lamba wake, ndipo lero ndamulira." Akuti, "Koma mukusankha munthu wolakwika. Kuyambira chaka chimene tinaika Ivy, ine sindinamuvoterepo Wilfred ngakhale kamodzi." A Swarbrick, khalani chete, mayi akulankhula, ndipo mpweya wawo ndi wochepa. Akuti, "Ndinkamugwira mkono mpaka pakhomo, duwa lili pachifuwa, ndikalowa m'kachipinda kovotera kaja ndinkachonga dzina lina lililonse limene linalipo. Chaka china ndinachonga Mkatolika." Akuti, "Amayi a pamtunda pano amene mukuyang'ana nambala 14, yang'anani bwino. Clifford, bwera nayo kalatayo."

Abusa, mutibwereke cholembera. Zikomo. Tsamirani pa benchipo, achemwali, musafulumire. Apo, pamzere wapansi. Basi.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Lavinia Halsall, amene kuyambira mlungu wamawa azipezeka ku Kirkby. Asiya mwana wamwamuna, Gordon, wa ku Canada, amene watumiza telegalamu ya mawu anayi, ndi mwana wamkazi, Doreen, pamodzi ndi amuna ake a Leonard Fairclough. Asiya zidzukulu zisanu. Mwana wawo Ivy anatsogola. Asiyanso chipani, chimene sindikudziwa kuti achisiyira yani.

Banja likuthokoza abusa chifukwa cha mapemphero ndi holo ino. Likuthokoza madokotala ndi anamwino, makamaka mtsikana wa ku Mayo uja, amene dzina lake malemu sanalifunse. Likuthokoza amayi a mumsewu wa Tabor amene aphika tiyi ndi kukonza buledi wa nyama, ndipo nonse mukuitanidwa kudzadya mukachokera kumanda. Likuthokoza a Tierney amene abwereketsa galimoto yawo yonyamulira katundu yoti idzasamutse achemwali Lolemba likudzali. A chipani tikukuthokozani chifukwa cha nkhata, ndi yaikulu monga mwa masiku onse.

Alamu anga, bambo Wilfred Halsall, Mulungu amene amadziwa zimene ife sitidziwa akuchitireni chifundo, mzimu wanu uuse mumtendere. Onyamula bokosi yandikirani. Kumanda mundikhululukire, simundiona. Nthawi yapitirira 2 koloko, basi ya kutauni imachedwa, ndipo ofesi ija amatseka 4.